Abusa Amene Anasiya Nyumba Zao Cifukwa ca Cikhulupiriro

Munthu amene anakhalapo m'nyumba ya kampani pa mgodi adziwa kuti nchito ikatha, nyumba yapitanso. Abusa a ku Scotland anadziwa zomwezo, koma tsiku la 18 May 1843 anasiya zonse ziwiri mwa kufuna kwao.

Mlandu wace unali wakale. Lamulo la 1712 linapatsa eni malo olemera mphamvu yakusankhira mpingo mbusa, ngakhale Akristu amkane. Ambiri anati Mutu wa Eklesia ndiye Kristu yekha, ndipo boma liribe mau pa zauzimu. Koma mabwalo a milandu anaweruza mokomera eni malo.

Tsono pa msonkhano waukuru wa ku Edinburgh, abusa ndi akuru a mpingo ananyamuka naturuka, nasankha Thomas Chalmers akhale mtsogoleri wao. Abusa oposa 450 anataya malipiro, nyumba ndi macalici. Umo ndimo unabadwira mpingo wa Free Church of Scotland. Chalmers anapempha Mkristu ali yense apereke kobiri limodzi pa sabata, kuti ndi abusa a kumidzi yosauka omwe adye. Eni malo ena anakaniza malo omangapo, kotero kuti ku Strontian anthu anapemphera m'calici coyandama pamadzi. Mpingo womwewu ndiwo unayamba mishoni ya Livingstonia mu 1875, kumene kunacokera David Kaunda wa ku Lubwa.

Koma mtendere sunakhalitse. Mu 1892 mpingo unafewetsa lumbiro la abusa pa Cibvomerezo ca Westminster. Abusa awiri, Donald Macfarlane ndi Donald Macdonald, anati uku ndi kutaya coonadi, ndipo mu 1893 anayamba Free Presbyterian Church. Mpingowu uyimba Masalmo okha, popanda limba. Mbusa wao John Radasi anatsegula mishoni ku Ingwenya, pafupi ndi Bulawayo.

Mu 1900 Free Church inagwirizana ndi United Presbyterian Church, koma abusa osakwana 30 anakana. Mu 1904 House of Lords inaweruza kuti cuma conse ca mpingo ncao, pakuti ndiwo anasunga ciphunzitso ca poyamba. Popeza analephera kucigwiritsa nchito conse, Nyumba ya Malamulo inalamula mu 1905 kuti cigawidwe. Otsalawo anasunga dzina la Free Church of Scotland kufikira lero.