Mgwirizano kapena chitaganya? Kusenda mawu pa doko la Chilumba

Mchewa akamva mawu oti chilumba amaona kamtunda kozingidwa ndi madzi mbali zonse, kopanda mlatho, kopanda mnansi wolimbirana naye malire. Koma amene anafikako ku Chilumba ya m'boma la Karonga akudziwa kuti malowa sagwirizana ndi dzina lawo. Pali doko, lomwe azungu ankalitchula Deep Bay, pomwe sitima ya Ilala imatembenukira ikachokera ku Monkey Bay. Pa Uliwa pamadutsa msewu wa M1, ndipo mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam salekeza usana ndi usiku. Mu minibasi imodzi mumamveka Chitumbuka, Kyangonde, Chiswahili ndi Chichewa.

Mu minibasi yotere ndi momwe ndinamva mkangano kumapeto kwa Epulo 2025. Mwezi wa Malichi boma lathu linali litaletsa kuitanitsa kunja zinthu monga mpunga, ufa, anyezi ndi mbatatesi, pofuna kuteteza alimi ndi ndalama zakunja. Tanzania inabwezera potseka chipata ku zokolola za ku Malawi. Bambo wina wa jekete, nyuzipepala ili m'manja, ankati mabungwe a zamalonda angotimanga manja, kuli bwino titulukemo tizidya zathu. Mayi amene anakhala pafupi ndi chitseko, miyendo ili pa thumba la mpunga wa kilombero wa ku Hara, anangofunsa kuti, "Nanga bambo, mukatulukamo, mpunga wangawu mudzaugula ndinu?" Anthu anaseka, mkangano nkupitirira mpaka pa Karonga. Ine ndinatsala ndi mawu amene ankaponyerana: mgwirizano, msonkho, kutuluka, ufulu. Mawuwa ukawasenda ngati chinangwa, mkati mwake muli kale theka la yankho.

Mgwirizano tsinde lake ndi gwira. Ukagwira chinthu, dzanja ndi lako, mphamvu ndi yako, ndipo ukhoza kuchitaya pomwe wafunira. Kugwiriza ndi kugwira molimbitsa kuti chinthu chisagwe. Kenaka pamabwera kachidutswa kakang'ono, -ana, komwe timakamva mu kukondana, kuthandizana, ngakhalenso kumenyana. Kachidutswaka kamanena kuti zomwe ukuchitira mnzako nayenso akukuchitira. Tikaika m- kutsogolo ndi -o kumapeto, ntchito ija imasanduka dzina, monga mpikisano ndi mkangano. Choncho mu mgwirizano dzanja lomwe wagwira nalo mnzako nalonso lagwidwa, ndipo sungatsekenso nalo chitseko nthawi iliyonse yomwe wakwiya. Bambo wa jekete uja sananame ponena kuti manja amangika. Chomwe anaiwala nchakuti a mnzakoyo amangikanso.

Malawi inapereka manja ake awiri onse. Lina lili mu SADC, yomwe inayamba ngati SADCC ku Lusaka mu 1980. Lina lili mu COMESA, yomwe inakhazikitsidwa pamsonkhano wa ku Lilongwe mu Disembala 1994, mlembi wake wamkulu ali Bingu wa Mutharika. Pa 31 Okutobala 2000 mayiko asanu ndi anayi a mu COMESA, Malawi ili momwemo, anayamba kugulitsana katundu wopangidwa kwawo popanda msonkho wa pachipata. Ndipo apa Chichewa chili ndi phunziro lina: kugulitsa ndi kugula komwe, kwangowonjezeka -itsa, kutanthauza kuchititsa wina kuti agule. Wogula ndi wogulitsa amamera pa muzu umodzi. Dziko lofuna kugulitsa kokha osagula likufuna nthambi popanda tsinde.

Nanga msonkho? Lero ndi mawu owawa, otikumbutsa chiphaso, mzere wa pa boda ndi katundu wolandidwa. Koma anachokera ku kusonkha, ntchito ya pamudzi yopanda mantha. Timasonkha moto pokankhira zikuni pamodzi kuti ziyake. Timasonkha ufa ndi nkhuni pamaliro. Anthu akasonkhana pamakhala msonkhano, ndiye kuti msonkho ndi msonkhano ndi pachibale. Mawuwa anayamba kuwawa m'zaka za m'ma 1890, atsamunda atabweretsa msonkho wa nyumba, womwe munthu ankapereka osaona moto womwe zikuni zake zikukayatsa. Funso la msonkho wa pachipata likadali lomwelo: ukusonkhera moto wa yani? Boma likaukweza, limapeza ndalama ndipo fakitale ya kuno imapuma. Koma wopereka weniweni ndi mayi wogula chitenje ndi mafuta ophikira pa Uliwa. Msonkho ukakwera mopitirira, pamabadwa mawu ena, kuzembetsa, mwana wa kuzemba, ndipo mtsinje wa Songwe uli ndi madooko ambiri oposa mlatho umodzi wa pa boda.

Tsono tifike pa kuchokamo. Chingerezi chikhoza kukhutira ndi liwu limodzi, koma Chichewa chimafuna kudziwa kachokedwe kake. Kutuluka ndi kwa m'nyumba: chitseko chimatsala, ukhoza kulowanso. Kupatuka ndi kwa panjira: anzako apitirira, iwe watenga kanjira kako, nchifukwa chake mpingo wochoka mu unzake timati wampatuko. Kulekana kuli ndi -ana uja, onse awiri aleka. Kusudzulana ndi kwa banja, ndipo sikutha tsiku limodzi, pakuti ankhoswe amakhala pansi, katundu agawidwe, za ana zikambidwe.

Tanzania inapatuka. Mu ulamuliro wa Benjamin Mkapa, dzikolo linachoka mu COMESA mu 2000, msonkho wa pachipata utangotsala pang'ono kuchotsedwa. Linkaopa kuti mafakitale ake ang'onoang'ono amizidwa ndi katundu wa mayiko amphamvu, komanso kuti thumba la boma liphwa. Lesotho ndi Mozambique anali atachoka kale mu 1997. Koma Tanzania sinapite kutchire: inatsala mu SADC, nkulimbikira kudzutsa East African Community pamodzi ndi Kenya ndi Uganda. Inasunganso zina za COMESA zomwe inaziona zaphindu, monga inshulansi ya galimoto zodutsa malire yotchedwa Yellow Card. Ngakhale zinali choncho, amalonda ambiri a ku Tanzania akhala akudandaula kuti anataya misika, nkumapempha boma lawo kuti libwerere.

Mpatuko umenewo unafika mpaka kuno. Wageni wa ku Mchinji wowolokera ku Chipata ali ndi dongosolo la COMESA lopeputsira amalonda ang'onoang'ono zikalata za pa boda, katundu wake akakhala wosapitirira madola 2,000, chifukwa Zambia ndi Malawi onse ali m'bungwemo. Dongosolo la COMESA limenelo silinathe kugwira ntchito pa Songwe, pomwe mayi wa ku Chilumba amawolokera popita kukapikula ku Kyela, ulendo wa makilomita opitirira 100. Chiganizo chochokacho chinapangidwira ku Dar es Salaam, koma mtolo wake unagwera anthu omwe sanafunsidwe.

Britain ndiye inasudzula. Inalowa m'bungwe la mayiko a ku Ulaya mu 1973, anthu ake anavota zochoka mu Juni 2016, koma kuchoka kwenikweni kunachitika pa 31 Januwale 2020. Zaka za pakatizo zinathera pabwalo la ankhoswe: ngongole zotsala, nsomba za m'nyanja, malire a ku Ireland. Nduna zazikulu ziwiri, David Cameron ndi Theresa May, zinatula pansi udindo pa nkhani yomweyi. Ukwati wa zaka 47 sumasuka ngati mfundo ya thumba.

Ifenso tinachokapo m'bungwe, ndipo makolo athu sanalitchule mgwirizano. Analitcha chitaganya. Kuyambira 1953, Nyasaland inamangidwa mtolo umodzi ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia: ndalama imodzi, msika umodzi, msonkho wa pachipata umodzi. Pamapepala zinali ngati zomwe timasainira lero. Koma eni dziko anakana, ndipo sanamveredwe. Mafakitale anaunjikana ku Salisbury ndi Bulawayo, damu lalikulu linamangidwa ku Kariba, ife nkumatumiza anyamata kukagwira ntchito m'mafamu kudzera m'bungwe lolemba anthu lomwe linapatsidwa dzina lokoma loti Mthandizi. Tamverani chi- woyambirirayo. Khutu limamumva ngati chi- wa chimunthu ndi chinyumba, chinthu chachikulu chosakondedwa. Tamveraninso mneni woyenda nalo dzinali: mgwirizano timati watha kapena wasokonekera, koma chitaganya anthu ankati tichiphwanye. Dr Hastings Kamuzu Banda atabwera pa 6 Julayi 1958, uthenga wake unali womwewo. Mu 1959 anthu a kumpoto kuno anali patsogolo pa zipolowe, ndipo pa 3 Malichi asilikali anaombera anthu pa doko la Nkhata Bay. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963.

Walira mvula walira matope. Ndalama zomwe boma la chitaganya linkaika m'zipatala ndi m'misewu zinaima, ndipo Malawi inadalira thandizo la Britain kuti bajeti ikwane mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Tinayenera kukhazikitsa banki yathu yaikulu ndi ndalama yathu, poyamba paundi ya Malawi, kenaka kwacha mu 1971. Anthu analandira matopewo ndi maso otsegula, chifukwa chomwe ankachokamo chinali chogwira dzanja lawo popanda iwo kugwira la wina.

Liwu lomaliza ndi ufulu. Linachokera ku mfulu, munthu amene si kapolo. Kale mfulu sanali munthu wokhala yekha. Anali wa mbumba, wokhala ndi abale omuimira pamlandu ndi omuwombola akagwidwa. Wopanda abale ndiye ankagulitsidwa mosavuta. Doko la Chilumba ndi mboni ya tanthauzo limeneli. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi Nacala, dziko linatsala pang'ono kubanika. Mpweya unabwera kuchokera kumpoto: katundu ankatsika pa Dar es Salaam, kukwera njanji ya TAZARA mpaka Mbeya, kulowa pa Songwe pa malole, nkukwezedwa m'sitima pa Chilumba kupita ku Chipoka. Sitima yonyamula mafuta panyanjapo dzina lake inali Ufulu, koma dontho lililonse lomwe inkasenza linali litadutsa m'dziko la mnansi.

Ngakhale liwu loti mpaka, lomwe timanena tsiku lililonse, linabwera ndi amalonda. Pa Chiswahili mpaka ndi malire, ndipo Atumbuka amati mphaka. Tinabwereka liwu la malire kuchokera kutsidya kwa malire, ndipo palibe anatilipiritsa msonkho.

Mkangano wa 2025 unatha kuchiyambi kwa Meyi, nduna za mayiko awiriwa zitakhala pansi nkugwirizana kutsegula zipata. Pomwe zinkatero, nthochi ndi tomato za anthu wamba zinali zitaola kale pa boda. Choncho wina akadzaimanso pa nsanja nkunena kuti titulukemo mu SADC kapena mu COMESA, musafulumire kuomba m'manja kapena kumukuwiza. Mufunseni atchule mneni wake: tikutuluka, tikupatuka kapena tikusudzula? Mufunseni ngati chomwe tikuchokamo chili chitaganya chomwe tinakakamizidwa, kapena mgwirizano womwe tinalowamo mwakufuna kwathu. Ndipo mufunseni funso la mayi uja, loti mpunga wa ku Hara adzagula ndani. Akalephera kuyankha mafunso atatuwa, dzanja lanu lisachoke m'dzanja la mnansi.