Kufukiza Nkhope

Kufukiza nkhope ndi kulozetsa nthunzi ya madzi otentha pankhope pofuna kufewetsa mafuta ndi litsiro zomwe zatseka timabowo ta khungu. Makina ake amagwiritsa ntchito magetsi, koma beseni la madzi otentha ndi thaulo lofunda kumutu zimathandizanso chimodzimodzi. Munthu amayamba wasamba kumaso, n'kukhala patali ndi nthunziyo masentimita pafupifupi 30, kwa mphindi 5 mpaka 10, kamodzi pa sabata. Akatero amapukuta mosakhula n'kudzola mafuta msanga khungu lisanaume.

Otsatsa malonda amati nthunzi imatsegula timabowoto. Zimenezo n'zongokometsera, chifukwa timabowoti tilibe minofu yotsegula kapena kutseka.

Amene khungu lawo sililimba, kapena ali ndi ziphuphu zotupa, asafukize.