Kuthamanga Si Kufika: Mbiri ya Oilo wa m'Magiya

Munthu amene adakulira kumwera kwa boma la Mzimba amakudziwa bwino kulira kwa ngolo yopanda girizi. Kumayamba kumveka ngoloyo isanatulukire pa chitunda, ndipo eni mudzi amadziwiratu kuti mwini wake sasamala chuma chake. Chimene chimalira m'ngolomo ndi chitsulo chimene chikudya chitsulo chinzake. Vuto lomweli ndi limene lidasautsa akatswiri a mipikisano ya magalimoto kwa zaka zambiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti mankhwala ake ena oyambirira adachokera ku mtengo umene umamera wokha pa dzala ndi kuseri kwa makola a ng'ombe ku Embangweni, ku Edingeni ndi ku Mabulabo, ndiwo mtengo wa nsatsi. Nkhani ya lero ikulondola mbiri ya oilo wa m'magiya, kuchokera ku nsatsi kufikira ku mipikisano yaikulu ya mu Africa, ndi phunziro limene mbiriyi ili nalo kwa eni magalimoto a ku Mzimba.

Dziko la Angoni a M'mbelwa lidalowa mu ulamuliro wa Angerezi m'chaka cha 1904, pamene Sir Alfred Sharpe adakumana ndi mafumu ku Ekwendeni. Nthawi imeneyo katundu ankayenda pamutu pa amtengatenga, ndipo azungu ankanyamulidwa pa machila. Mishoni ya Loudon ku Embangweni, imene Donald Fraser adaikhazikitsa m'chaka cha 1902, inkafikidwa ndi miyendo. Pamene malole ndi mabasi adayamba kufika, adapeza misewu ya dothi imene inkasanduka phala m'dzinja ndi fumbi lokhalokha m'chilimwe. Kum'mawa kudali zitunda za Viphya, kumene msewu umakwera kupitirira mamita 1,500, ndipo kumadzulo kudali madambo ndi mitsinje yothira mu South Rukuru. Phula pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kudzera pa Kasungu ndi pa Jenda mpaka ku Mzuzu lidabwera m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. M'zaka zonsezo amuna ambiri a ku Mzimba ankapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Rhodesia, ndipo ena mwa iwo adabwerako ali madalaivala ndi amakaniko. Iwowa ndiwo adayamba kuphunzitsa anzawo kuti galimoto simafa ndi injini yokha.

Mphamvu ya injini isanafike ku mawilo imadutsa m'mabokosi awiri. Loyamba ndi giyabokosi, limene dalaivala amalilamula ndi dzanja lake. Lachiwiri ndi difu, imene imatembenuza mphamvuyo ndi kuigawira mawilo awiri. M'mabokosi onsewa muli mawilo a chitsulo okhala ndi mano, ndipo mphamvu yonse ya galimoto imapanikizika pa kamalo kakang'ono kwambiri pamene dzino limakhudza dzino linzake. Chimene chimaletsa manowo kudyana ndi kachikopa ka oilo kopyapyala kuposa tsitsi. Kachikopako kakang'ambika, zitsulo zimatentha, zimamatirirana kwa kanthawi, kenaka zimazulana tizidutswa. Poyamba difu imangolira ngati mphepo ya Chiperoni, ndipo mapeto ake mano amathyoka.

Mu 1899 Mngerezi wina, Charles Wakefield, adatsegula kampani yogulitsa mafuta ofewetsera makina mu mzinda wa London. Pofika 1909 kampaniyo idatulutsa oilo wokhala ndi mafuta a nsatsi, ndipo dzina la Castrol lidachokera ku dzina la nsatsi m'Chingerezi. Mafuta omwewo amene agogo akuno ankatenga pokazinga, kusinja ndi kuwiritsa njere za nsatsi kuti adzole, adapezeka kuti amakakamira pa chitsulo chotentha kuposa oilo wochokera pansi pa nthaka wa masiku amenewo. Kaamba ka ichi adagwiritsidwa ntchito m'ndege za pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba ndiponso m'magalimoto ndi njinga zamoto za mipikisano. Komabe nsatsi idali ndi chilema chake. Ikakhalitsa inkasanduka ulimbo, ndipo sinkagwirizana ndi oilo wamba. Kwa wothamanga, amene amakhetsa oilo mpikisano ukangotha, chimenechi sichidali kanthu, koma kwa munthu woyenda ulendo wa tsiku ndi tsiku chidali chovuta.

Zinthu zidasintha mu 1926 pamene kampani ya Packard ku America idayamba kuika m'magalimoto ake difu ya mtundu watsopano wotchedwa hypoid. Difu imeneyi idalola kuti galimoto ikhale yotsika ndi yosachita phokoso, koma mano ake, kuwonjezera pa kugudubuzika, ankakhulana ngati mpeni pa mwala wonolera. Oilo wamba adalephera, ndipo akatswiri adayamba kuthiramo mankhwala monga sulufule, mtovu ndi klorini. Mankhwalawa amagwira ntchito pamalo pokhapo pamene patentha kwambiri, nayala kachikopa kofewa pa chitsulo, kotero kuti chimene chimadyeka ndi kachikopako, dzino n'kutsala. Ena mwa mankhwalawa ankapangidwa ndi mafuta a namgumi, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pamene dziko la America lidaletsa malonda amenewa pofuna kuteteza anamgumi kuti asathe m'nyanja. Pambuyo pake sulufule ndi fosiforasi ndiwo adatsala ngati maziko a oilo wa magiya, ndipo ndi sulufule amene amapatsa oiloyu fungo lake loboola mphuno limene makaniko aliyense amalizindikira ali chitsinzire.

Apa mpamene padabadwira msampha umene ukukolabe anthu. Mu 1928 kampani ya Cadillac idatulutsa giyabokosi yokhala ndi timphete tothandiza kuti magiya azilowa osakukuta. Timpheteti kawirikawiri timakhala ta mkuwa, ndipo timagwira ntchito pokhapokha tikamagwira chitsulo pang'ono ngati buleki. Tsono oilo wamphamvu wa difu, makamaka wa masiku akale, ankadya mkuwa akatentha, ndiponso amaterera kwambiri mwakuti timpheteto timalephera kugwira. Motero bungwe la American Petroleum Institute lidagawa oilo wa magiya m'magulu. Gulu la GL-4 ndi loyenera magiyabokosi ambiri okhala ndi timphete, pamene gulu la GL-5, limene mankhwala ake amachuluka pafupifupi kawiri, ndi la difu ya hypoid. Nambala yaikulu sitanthauza kuti oiloyo ndi wabwino koposa. Imangonena ntchito imene adampangira.

Malo amene nzeru zonsezi zidayesedwa mwankhanza mu Africa ndi mpikisano wa Safari. Udayamba mu 1953, chaka chomwe kuno kudayamba Chitaganya, pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth Yachiwiri, ndipo unkadutsa mu Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Unkachitika pa nyengo ya Pasaka, mvula ili pakati, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000 a misewu ya anthu onse. Mu 1963 magalimoto 84 adanyamuka, koma asanu ndi awiri okha ndiwo adafika, ndipo adapambana ndi Nick Nowicki pa Peugeot 404. Galimoto ya mtundu womwewo idapambananso mu 1966 ndi 1967 m'manja mwa Bert Shankland wa ku Tanzania, ndiponso mu 1968, pamene ofika adalinso asanu ndi awiri okha.

Omvera achikulire akuikumbukira 404, pakuti idayenda kwambiri m'misewu ya Malaŵi. Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti saluni yake idali ndi difu yachilendo, yokhala ndi chitsulo chopota ngati sikuluwu chimene chinkazunguza wilo la mkuwa. Umodzi mwa mitundu ya oilo imene eni kampani ankalangiza pa difuyi udali wa nsatsi, ndipo ankachenjeza kuti usasakanizidwe ndi wina. M'giyabokosi ya galimoto yomweyo ankathiramo oilo wa injini. Makaniko wozolowera Land Rover, imene inkamwa EP 90 m'giyabokosi ndi m'madifu onse, akanatha kuipha 404 ndi mtima wabwino ndithu, pongoithira chimene ankathira galimoto zina zonse. Akulu adanena kuti safunsa adadya phula.

Chaka cha 1965 chidaphunzitsa phunziro lina. Joginder Singh wa ku Kenya ndi mbale wake Jaswant adatenga Volvo PV544 yogwirapo kale ntchito, imene idathamangapo Safari ya 1964, naiphwasula ndi kuimanganso ndi manja awo. Ndi galimoto yakaleyo adagonjetsa magalimoto atsopano a makampani akuluakulu. Joginder adapambananso mu 1974 ndi 1976 pa Mitsubishi Lancer. Munthu woyamba wochokera kunja kwa East Africa kupambana Safari adali Hannu Mikkola wa ku Finland mu 1972, patapita zaka pafupifupi makumi awiri chiyambire mpikisanowo, umboni wakuti kudziwa msewu ndi kusunga galimoto kunkaposa liwiro. Shekhar Mehta, wobadwira ku Uganda, adapambana kasanu pa Datsun, mu 1973 ndiponso zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1979 mpaka 1982. Kufupi ndi kuno, Satwant Singh wa ku Zambia adakhala katswiri wa Africa yense kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000.

Amakaniko a mipikisano imeneyi adapeza kuti adani a magiya ndi atatu. Woyamba ndi kutentha. Galimoto ikamalimbana ndi matope kapena chitunda kwa nthawi yaitali pa giya yotsika, oilo amasungunuka ngati madzi ndipo amapsa, choncho adayamba kumangirira tiziziritso ta oilo ku giyabokosi ndi ku difu. Wachiwiri ndi madzi. Difu yotentha ikamira mu mtsinje imazizira mwadzidzidzi, mpweya wa m'kati umanyala, ndipo madzi amayamwidwa kudzera pa kabowo kopumira kapena pa masilo, oilo n'kusanduka woyera ngati chambiko. Mankhwala ake adali kulumikiza kapaipi ku kabowoko ndi kukakweza pamwamba. Wachitatu ndi fumbi, limene likalowa limasandutsa oilo kukhala mchenga wokwechera. Adapezanso kuti difu yapadera yoletsa wilo limodzi kuzungulira lokha m'matope imafuna oilo wakewake, apo ayi imanjenjemera pokhota. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 oilo wopangidwa m'fakitale, wopirira kutentha ndi kuzizira komwe, adayamba kufala, ndipo ndi amene akuthamangitsa magalimoto a mipikisano masiku ano. Safari yeniyeniyo idachoka pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse itatha ya 2002, nibwereranso mu 2021.

Adani atatu aja onse alipo kumwera kwa Mzimba. Lole yokwera Viphya itasenza matabwa a ku Chikangawa imakumana ndi kutentha. Matola yopita ku Mqocha, ku Khosolo kapena ku Edingeni m'mwezi wa February imakumana ndi madzi, ndipo mu October imakumana ndi fumbi. Kusiyana kwake n'kwakuti wothamanga akathyola difu amangotaya chikho, pamene mwini pikapu wa ku Mzimba amataya ndalama zimene adazivutikira zaka zambiri ku Joni, ndipo nthawi zina galimoto imene yaima pakati pa dambo usiku imakhala itanyamula mayi wodwala wopita ku chipatala cha Embangweni.

Mbiriyi ikusiyira eni magalimoto malangizo ochepa. Choyamba ndi kufunsa buku la galimotoyo, pakuti giyabokosi ina imafuna GL-4, ina oilo wa injini, ina oilo wofiira wopyapyala, ndipo difu ya hypoid imafuna GL-5. Chachiwiri ndi kumvetsa manambala. Oilo wa magiya wa 90 ndi wolimba chimodzimodzi ndi wa injini wa 40 kapena 50, chifukwa miyeso yake ndi yosiyana, koma mankhwala ake si amodzi. Pa chigubu cholembedwa 80W-90 kapena 75W-90, nambala yoyamba imanena za kayendedwe ka oiloyo kukazizira, monga m'mawa wa July ku Luwawa, ndipo yachiwiri imanena za kulimba kwake akatentha. Oilo wolimba wa 85W-140 amathandiza difu ya lole yolemedwa, koma m'giyabokosi ya galimoto yaing'ono amaumitsa magiya m'mawa. Chachitatu ndi kuyang'ana oilo galimoto ikawoloka madzi akuya, ndi kumukhetsa msanga akayera. Chachinayi ndi kuwerenga zimene oilo wakale akunena. Timfumbi ta chitsulo pa maginito a chotsekera si todetsa nkhawa, koma tizidutswa togwirika ndi zala ndi chizindikiro cha dzino lothyoka, ndipo kunyezimira kwa golide kumasonyeza kuti mkuwa ukudyeka. Chotsiriza n'chakuti oilo wolembedwa kuti ndi wa mipikisano sayenera galimoto iliyonse, pakuti magiyabokosi ambiri a mipikisano ya masiku ano alibe timphete ta mkuwa, ndipo oilo wake amasinthidwa pafupipafupi.

Asanu ndi awiri aja amene adafika ku Nairobi mu 1963 adapulumuka chifukwa adadziwa chimene magalimoto awo akanatha kupirira, ndipo adasamala ziwalo zimene maso saziona. Msewu wa ku Mqocha ulibe mbendera kapena chikho, koma lamulo lake ndi lomwe lija la Safari, limene makolo adalinena galimoto isanabwere m'dziko muno, lakuti kuthamanga si kufika.