Mwana wa ku Zanzibar amene sadabwerere kwawo

Ku Zanzibar ndidapitira za makolo athu, osati za oimba. Mtima wanga udali pa Mkunazini, pamene kale padali msika wa akapolo. Koma nditangotsika boti lochokera ku Dar es Salaam, anyamata operekeza alendo amene adandizinga padoko ankatchula dzina limodzi lokha: Freddie Mercury. Tsiku lachiwiri ndidagonja. Ndidalowa m'tinjira topanikizika ta Stone Town, momwe anthu awiri sangapambane osakhudzana mapewa, mpaka ndidatulukira mumsewu wa Kenyatta, m'dera la Shangani, pamene pali nyumba yosungiramo mbiri ya woimba wa gulu la Queen uja.

Malowa ndi aang'ono, ola limodzi munthu wamaliza. Adatsegulidwa pa 24 Novembala 2019, patatha zaka 28 mwini nkhani atamwalira, m'nyumba ina mwa zimene banja lake lidakhalamo. Muli piyano, jekete yachikasu yofanana ndi imene adavala ku Wembley mu 1986, ndi zithunzi zambiri pamakoma. Alendo anzanga, ochuluka a ku Ulaya, adaunjikana pa jeketeyo ndi mafoni awo. Ine ndidaima nthawi yaitali pa zithunzi za ubwana wake, chifukwa m'menemo ndi momwe muli Zanzibar.

Dzina lake lobadwa nalo ndi Farrokh Bulsara. Adabadwa pa 5 Sepitembala 1946, chilumbachi chili pansi pa Sultan koma chingwe chenicheni chili m'manja mwa Angerezi. Makolo ake, a Bomi ndi a Jer Bulsara, adali Aparsi, otsatira chipembedzo cha Zoroaster, amene makolo awo adachoka ku Persia zaka zoposa 1,000 zapitazo nakakhazikika ku Gujarat, ku India. A Bomi ankagwira ntchito yosunga ndalama kukhoti lalikulu la boma la atsamunda. Sadali olemera monga eni minda, koma sadalinso amphawi: ntchito ya boma, nyumba m'tauni, ndi ndalama zokwanira kutumiza mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kusukulu yogonera komweko ya St. Peter's ku Panchgani, kutsidya kwa nyanja ya mchere. Kumeneko ndiko adaphunzira piyano, ndiko adayamba kutchedwa Freddie, ndiko adaimba m'kagulu kake koyamba ka anyamata apasukulu, The Hectics.

Amene mudakulira ku Limbe, ku Chipata kapena ku Salisbury wakale mukuadziwa makwerero amene atsamunda adaika pakati pa anthu. Ku Zanzibar Mzungu adali pamwamba. Pansi pake Aluya, eni nyumba yachifumu ndi minda ya karafuu, zonunkhiritsa zakudya zija. Kenaka Amwenye, eni masitolo ndi alembi a boma. Pansi penipeni anthu akuda. Ambiri a iwowa adali zidzukulu za akapolo, ndipo apa ndi pamene nkhani ya banja la Bulsara ikhudzana ndi yathu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota. Iye ndi olowa m'malo mwake ankawolotsa Achewa ndi anthu a mitundu ina pa nyanja yathu m'zombo zoyendera mphepo, kenaka ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, ndipo otsala amoyo ankafika ku Zanzibar. Ena adagulitsidwa kumaiko akutali, koma ambiri adatsala pomwepo kulima ndi kuthyola karafuu. Chuma chimene chidamanga nyumba zamiyala ndi zitseko zosemedwa bwino za Stone Town chidachokera ku minyanga ya njovu, ku karafuu ndi ku misana ya anthu amenewa. Kamnyamata ka m'zithunzi kadalibe mlandu pa zimenezi. Kadangobadwira pa khwerero lachitatu la makwerero amene ena adakhoma.

Farrokh adabwerera kwa makolo ake mu 1963. Pa 10 Disembala chaka chomwecho Angerezi adapereka ufulu, koma ufumu adausiya m'manja mwa Sultan Jamshid bin Abdullah, ndi boma la zipani zimene zidapeza mipando yochuluka ngakhale kuti mavoti ochuluka adapita ku Afro-Shirazi Party. Boma limenelo lidakhala mwezi umodzi. Pa 12 Januwale 1964 anthu otsogozedwa ndi John Okello, mbadwa ya ku Uganda, adalanda zida za apolisi, Sultan adathawa panyanja, ndipo Abeid Karume adakhala mtsogoleri. Masiku otsatirawo adaphedwa Aluya ndi Amwenye zikwi, pamodzi ndi akazi ndi ana amene sadagulepo munthu. Banja la Bulsara lidasonkhanitsa zimene lidatha kunyamula nkupita ku Feltham, kufupi ndi London. Chaka chimenecho ife timachikumbukira ndi nthungululu, 6 Julayi ku Malawi ndi 24 Okutobala ku Zambia. Mnyamata wa zaka 17 uja adachikumbukira ngati chaka chothawa kwawo.

Zotsatira zake dziko lonse likuzidziwa, ndipo sindichedwapo. Adaphunzira zojambula ku Ealing, mu 1970 adayambitsa Queen pamodzi ndi Brian May ndi Roger Taylor, John Deacon adalowa chaka chotsatira, ndipo "Bohemian Rhapsody" ya 1975 idawakweza pamwamba. Adasintha dzina kukhala Mercury. Za Zanzibar sankazikamba kawirikawiri, ndipo sadapondekonso. Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma mwambiwo sunena za munthu amene kwawoko kudamulavula.

Ku Africa adabwerako ndithu, koma khomo limene adalowera ndi limene lidandivuta mumtima ndili m'chipinda chija. Mu Okutobala 1984 Queen idakaimba ku Sun City, ku Bophuthatswana, limodzi mwa timaiko tabodza timene boma latsankho la South Africa lidadulira anthu akuda. Nthawi imeneyo bungwe la United Nations lidali litapempha oimba onse kuti asapondeko. Queen idapita, idalandira malipiro ake, bungwe la oimba la ku Britain lidailipiritsa chindapusa, ndipo United Nations idaika dzina lake pa mndandanda wa ophwanya chiletsocho. Iwo ankadziteteza kuti sali andale ndipo amaimbira aliyense. Abale a ku Lusaka ndi ku Maputo, amene mabomba a Pretoria adagwa m'mizinda yanu, muli ndi ufulu wonse wokana yankho limenelo, ndipo inenso sindilivomera. Koma ife Amalawi tiloze chala mosamala, pakuti boma lathu lidatsegula ubale wa ukazembe ndi Pretoria mu 1967, ndipo ndalama zoyambira kumanga likulu la Lilongwe zidachokera komweko. Patangopita miyezi isanu ndi inayi, pa 13 Julayi 1985, Freddie yemweyo adagwedeza Wembley pa Live Aid, posonkhetsa thandizo la anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Zonse ziwirizi adachita munthu mmodzi.

Adamwalira pa 24 Novembala 1991 ali ndi zaka 45, patangopita tsiku limodzi atalengeza kuti ali ndi Edzi. Ena adamudzudzula kuti adachedwa kuulula. Amene tidaika abale m'manda m'zaka zimenezo, uku tikunena kuti adadwala nthawi yaitali, tikudziwa kulemera kwa mawuwo pakamwa. Kenneth Kaunda adaulula mu 1987 kuti mwana wake adafa ndi matendawa, Bakili Muluzi adanena za mbale wake mu 2004, Nelson Mandela za mwana wake mu 2005. Ndipo aliyense wa iwo adadabwitsa anthu, chifukwa ambirife tinkabisa. Anzake a Freddie adakhazikitsa thumba la Mercury Phoenix Trust mu 1992 lothandiza pa nkhondo yolimbana ndi Edzi, ndipo mu Novembala 2003 May ndi Taylor adaimba ku Cape Town pa mwambo wa 46664, wotchedwa ndi nambala ya ukaidi ya Mandela.

Nayo Zanzibar sidamulandire ndi manja awiri. Mu 2006 phwando lokumbukira zaka 60 za kubadwa kwake lidalephereka gulu lachisilamu la Uamsho litakana, ponena za moyo wake wogonana ndi amuna anzake. Lero dzina lomwelo limadyetsa operekeza alendo ndi ogulitsa malaya.

Nditatuluka ndidayenda mphindi zochepa chabe kufika pa Mkunazini. Msika uja udatsekedwa mu 1873, Sultan Barghash atapanikizidwa ndi Angerezi, ndipo pamalopo Bishopu Edward Steere wa mishoni ya UMCA adamangapo tchalitchi cha Christ Church. M'katimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene patsinde pake adakwirirapo mtima wa David Livingstone. Mishoni yomweyo idaphunzitsa ana omasulidwa ku ukapolo pasukulu ya Kiungani, ndipo ena mwa iwo adabwerera kunyanja kwathu ngati aphunzitsi a ku Likoma ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja.

Panja pa tchalitchicho pali dzenje, ndipo m'menemo muli zifanizo zisanu za anthu, amuna ndi akazi, omangidwa unyolo m'khosi. Kumene ndidachokera m'mawa uja ndidaphunzira dzina la bambo, la mayi, la mlongo wake Kashmira, ngakhale la kagulu ka ana asukulu ku Panchgani. Apa ndidazungulira dzenjelo kawiri kufunafuna dzina, la munthu, la mudzi kapena la mfunda, kaya Banda kaya Phiri. Kenaka ndidakhala pansi pamthunzi mpaka mlonda adabwera kudzandiuza kuti akutseka chipata.