Mbiri ya Nkhuku za Mikolongwe

Munthu wakuyenda m'midzi ya ku Phalombe, kunsi kwa phiri la Michesi kufikira ku madambo a nyanja ya Chilwa, sangalephere kuona nkhuku yakuda bii, yaikulu thupi, ikupalasa pamodzi ndi zinzake zachikuda. Akafunsa dzina lake, eni mudzi amyankha kuti ndi ya Mikolongwe. Koma Mikolongwe ndi dzina la malo a boma oŵeterako zifuyo m'boma la Chiradzulu. Dzina la nkhukuyo ndi Black Australorp, mtundu umene anthu a ku Australia anaupanga kuchokera ku nkhuku za Orpington za ku England.

M'zaka za m'ma 1950, dziko lino likutchedwa Nyasaland, ndipo Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje (anadzaima payekha mu 1998), akulu a zaŵeto anaganiza zotukula nkhuku za m'midzi. Maganizo ao anali otere: thadzi lachikuda liikira pang'ono, nilileka kuti lifungatire ndi kulera anapiye, pamene Australorp wodyetsedwa bwino aikira mazira ochuluka ndithu. Tsono tambala wakuda akaloŵa m'mudzi, ana ake adzatenga thupi ndi kuikira kwa atate, ndiponso kupirira kwa amai. Chotero anapiye anaswedwa pa Mikolongwe nagulitsidwa kwa alimi pa mtengo wochepa atafika masabata 6. Pambuyo pake ntchito yomweyo inachitikanso ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu.

Nzeruyo inali yokoma poimva, koma panapita zaka zambiri popanda woiyesa bwinobwino. Oiyesa anadzachokera ku Bunda, sukulu ya zaulimi ya University of Malawi imene tsopano ili pansi pa LUANAR. Kumeneko wophunzira asanalandire digiri asankha funso limodzi, nalifufuza, nalemba zimene wapeza. Ndipo nkhuku ya kumudzi inapatsa ophunzira mafunso osati ochepa. Timothy Gondwe anafufuza nkhuku zachikuda m'midzi ya ku Lilongwe, natsiriza maphunziro ake a udokotala ku Göttingen mu 2004. Iye ndi anzake anaŵerengera kameta, kansilanga, simboti ndi tsumba ngati chuma choyenera kusungidwa, pamene kale zinkayesedwa nkhuku wamba zongoyembekeza kusinthidwa.

Zimene zinaoneka m'kufufuzako n'zimene amai a m'midzi anazidziŵa kale m'khola mwao. Nkhuku ya Mikolongwe ifuna chakudya choposa chimene ingatole pabwalo. Madeya okha sakwanira, pakuti alibe zomanga thupi zokwanira kupangira mazira. Ndipo m'miyezi ya njala madeyawo anthu aŵalimbirana ndi ziŵeto. Thadzi lake silikonda kufungatira, kotero kuti mazira ake kaŵirikaŵiri aikidwa pansi pa thadzi lachikuda. Nayenso kabaŵi savutika kugwira mwanapiye wosazoloŵera kubisala.

Koposa zonsezi pali chitopa, nthenda imene ibwera makamaka nyengo yotentha mvula isanagwe, niipululutsa khola lonse m'masiku oŵerengeka, osasankha yakuda kapena yachikuda. Apa chithandizo chinachokeranso ku Australia komweko: katemera wa I-2, wosaonongeka msanga ndi kutentha, amene aperekedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku, nabwerezedwa pakapita miyezi itatu kapena inai. Katemera wotere ndiye woyenera mudzi wopanda firiji, ndipo nkhuku zimene iye wapulumutsa sizifunsidwa mtundu.

Funso la chakudya ndilo likhalabe lotseguka, ndipo Phalombe ali nalo gawo lake. Chigwachi chilima nandolo ndi mpendadzuŵa wambiri, zonse ziŵiri zokhala ndi zomanga thupi zimene madeya asoŵa. Muyeso wa nandolo wokazinga kapena zotsala za mpendadzuŵa wofinyidwa mafuta umene mlimi angasakanize ndi madeya, popanda kulanda ana ndiwo zao, ndiyo nkhani imene wophunzira angaiyeze ndi sikelo m'khola la ku Migowi kapena ku Chiringa.