Kuchokera ku Uzimba Kufikira pa Chipata cha Majete

Munthu akaima pa msika wa Ndirande lero, nakweza maso kuona phiri la Ndirande lometedwa mpala, ndi nyumba zamalata zimene zakwera kufikira m'chiuno mwake, sangakhulupirire msanga kuti pamene amishoni a Church of Scotland anamanga misasa yawo m'dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, madambo a Mudi ndi Likhubula anali modyera nyama zakuthengo, ndipo kambuku ankatsika usiku kudzafwamba mbuzi m'khola.

Masiku amenewo munthu sankalowa m'thengo yekha, pakuti akulu adanena kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Nyengo yachilimwe ikafika, udzu utauma, mwini uzimba ankamema amuna a m'midzi yoyandikana. Ndipo iwo, atathira nsembe yaufa patsinde pa mtengo ndi kulangiza akazi otsala pamudzi kuti asunge mwambo, ankatuluka m'bandakucha ndi agalu, maukonde, nthungo ndi zibonga, ena kukatchera kumunsi, ena kukaswa tchire kumtunda. Nyama ikagwa inali ndi malamulo ake: wolasa poyamba anali ndi gawo lake, mfumu inali ndi lake, ndipo ngakhale nkhalamba yosatha kuyenda inkalawako msuzi.

Koma minyanga ya njovu itasanduka chuma chogulira nsalu, mfuti ndi wonga, thengo linalandira alendo ena. Popeza mathithi a Kapichira, amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859, salola ngalawa kukwera Shire, kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Mandala, inkalemba amtengatenga kusenza katundu pamutu kuchokera kwa Katunga, kukwera chitunda chonse kufika ku Blantyre, ndi kutsikiranso ku Matope. Amuna omwewo ndiwo ankanyamula mzungu wosaka nyama pamachira, pamodzi ndi hema, mfuti ndi bafa lake, akuimba kuti mapewa aiwale kuwawa; kotero kuti mawu athu akuti ulendo analowa m'kamwa mwa azungu a ku Nyasaland, monga momwe mawu akuti safari analowera m'kamwa mwa anzawo a ku Kenya. Agogo athu anayenda maulendo otere ambirimbiri, koma njovu ankaiona ali ndi mtolo pamutu.

Pambuyo pake kunadza malamulo. Boma la atsamunda linapatula nkhalango ya Lengwe mu 1928 ndi ya Majete mu 1955, ndipo mlenje amene dzulo lake ankatamandidwa pabwalo anadzuka ali wopalamula, pamene mwini chiphaso cholipira ankaomba mfuti mwaufulu. Dziko litalandira ufulu, Lengwe anakwezedwa kukhala paki mu 1970, Liwonde anatsatira mu 1973. Koma m'zaka zomwezo anthu anali kukhamukira ku Bangwe, ku Zingwangwa ndi ku Ndirande kudzafuna ntchito m'mafakitale, ndipo ana obadwira m'menemo anaidziwa njovu pa ndalama yachitsulo ya 20 tambala. Ife a ku Chilomoni tokha tinkadzitama kuti timamva afisi a m'phiri la Michiru akulira usiku. Ku Majete nako zinthu zinafika poipa, pakuti pofika 1992 njovu zonse zinali zitatha ndi mfuti. Ndipo nkhalangoyo inakhala bwinja kufikira 2003, pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks, limene linabwezeramo zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, ndi mikango mu 2012.

Mbiri yonseyi inali m'mtima mwanga tsiku limene ndinatsika ndekha msewu wokhotakhota wa ku Chikwawa, kudzera pa Thabwa ndi kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kupita ku Majete. Mayi anga, pomva za ulendowo, anagwira pakamwa nati, “Iwe, ndalama zako ukalipire kuona nyama imene sudzadyako ndi nthuli yomwe? Nanga ukupita ndi yani?” Ndinalibe chowayankha. Koma dzuwa litapendeka, galimoto itaima phee pafupi ndi mtsinje, msilikali wa nkhalango ananditsina pamkono, nanena monong'ona, “Achimwene, musayende, yang'anani kuseli kwa mlambe uko.” Ndinapenya osaona kanthu, kufikira chimene ndinkachiyesa chulu chinakupiza khutu; ndipo njovu yaikazi inatuluka mwaulemu, kamwana kake kali pakati pa miyendo, ikuthyola nthambi ndi kuziponya m'kamwa mosafulumira, ngati mwini mudzi amene sasamala za odutsa m'njira. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamenepo ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene amati anasenzako katundu pa chitunda chomwe ndinatsikacho, ndipo ndinazindikira kuti ine ndinali woyamba wa mbumba yathu kuima pamaso pa njovu wopanda nthungo m'manja kapena mtolo pamutu. Ndipo funso la mayi lija linayankhika lokha, pakuti amene anandionetsa njovuyo anali mwana wa m'midzi ya komweko, wodziwa mapazi a nyama monga ankawadziwira eni uzimba akale. Tinali awiri, tinali anthu.