Anyamata a ku Namugongo

Lero tikambe za dziko la Buganda. Kumeneko Kabaka Mwanga anali ndi mphamvu ya kupha munthu ali yense popanda womfunsa. M'caka ca 1885 iye analamula kuti Bishopu James Hannington aphedwe. Joseph Mukasa, mkulu wa anyamata otumikira ku bwalo, anadzudzula mfumuyo pamaso, ndipo pa 15 November anamdula mutu.

Wina akadathawa. Koma Charles Lwanga, amene analowa m'malo mwace, anapitiriza kuphunzitsa anyamatawo za Kristu, nawaletsa kugonjera zilakolako zoipa za mfumu. M'mwezi wa May 1886 Mwanga analamula kuti onse opemphera aime padera. Anaima, ngakhale Kizito, mwana wa zaka 14. Pa 3 June, ku Namugongo, anawakulunga m'mphasa za bango nawatentha, Akatolika ndi Aangilikani pamodzi. Mu 1964 Papa Paul VI analengeza kuti Akatolika 22 ophedwa m'mazunzo aja ndi oyera.

Anaipeza kuti mphamvu yotere? Ukali wa mfumu anaudziwa bwino, pakuti anali kukhala m'bwalo lace. Koma Mulungu anamuopa koposa, ndipo mantha aakuluwo anameza aang'ono.